Zida zimene anthu anayezera thambo: kuyambira pa ndodo mpaka pa galasi

Munthu akamva za akatswiri a zakuthambo, m'maganizo mwake mumabwera telesikopu. Komatu telesikopu ndi ya dzana. Inatulukira mu 1608, anthu atayeza kale thambo kwa zaka masauzande. Pofika nthawiyo ankadziwa kutalika kwa chaka osaphonya ndi mphindi yathunthu, ankalosera kadamsana, anali atayeza kukula kwa dziko lapansi, ndipo anali ndi mndandanda wa nyenyezi zoposa 1,000, iliyonse ndi malo ake. Zonsezi anazichita ndi maso okha, mothandizidwa ndi ndodo, chingwe, mkuwa ndi miyala.

Kuona nyenyezi aliyense amaona. Makolo athu ankadziwa Nthanda, ankadziwa mlalang'amba, ankawerenga miyezi. Sayansi ya zakuthambo imayamba pamene wina anena kuti nyenyezi yakuti inali pamalo akuti, pa nthawi yakuti, n'kulemba nambala imene mnzake angathe kudzaitsimikizira kapena kuitsutsa. Mbiri ya zida zoyezera thambo ndi mbiri ya nkhondo yochepetsa kuphonya m'nambala imeneyo, ndipo nthawi iliyonse imene kuphonyako kunachepa, anthu anapeza chinthu chimene sankachiyembekezera.

Kuti nkhaniyi imveke tiyenera kudziwa muyezo wake. Thambo silingayezedwe ndi mamita. Limayezedwa ndi ngodya. Bwalo lathunthu lili ndi madigiri 360, digiri imodzi imagawidwa m'mamineti 60, ndipo mineti imodzi m'masekondi 60. Mwezi wathunthu, mmene timauonera, ndi wotakata theka la digiri, ndiko kuti mamineti 30.

Ndodo ndi chithunzithunzi chake

Chida choyamba ndi ndodo yozikidwa chilili pamalo osalala. Chithunzithunzi chake chimafupika dzuwa likamakwera, ndipo pamene chafupikitsitsa ndiye kuti dzuwa lafika paliwombo. Mzere wake pa nthawiyo umaloza kumpoto ndi kummwera. Munthu akamalemba chizindikiro tsiku ndi tsiku amaona kuti chithunzithunzi cha masana chimatalika kwa miyezi isanu ndi umodzi, kenaka n'kuyamba kubwerera. Akawerenga masiku mpaka chitafikanso pamene chinayambira, wapeza kutalika kwa chaka.

Zaka pafupifupi 240 Yesu asanabadwe, Eratosthenes, mkulu wa nyumba ya mabuku ya ku Alexandria, anayeza dziko lonse ndi chida chimenechi. Ankadziwa kuti ku Syene, kumene lero ndi Aswan, pa tsiku lalitali kwambiri m'chaka ndodo sikhala ndi chithunzithunzi masana. Tsiku lomwelo ku Alexandria chithunzithunzi chinkaonetsa kuti dzuwa lapendekeka ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a bwalo, kupitirira pang'ono madigiri 7. Iye anati kupendekekako kukuchokera ku kupindika kwa dziko, choncho mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo, stadia 5,000, ndi gawo limodzi mwa 50 la ulendo wozungulira dziko. Anapeza stadia 250,000, zomwe zimagwa pakati pa makilomita 39,000 ndi 46,000 malinga ndi kutalika kwa stadia imene munthu watengera. Lero timati pafupifupi 40,000.

Malawi ndi wotalika moti muyeso umenewu ungachitike m'dziko momwe muno. Karonga ndi Nsanje zimasiyana ndi madigiri pafupifupi 7 kuchoka kumpoto kupita kummwera, mtunda wa makilomita pafupifupi 780. Masukulu awiri, ina uku ina uko, atayeza chithunzithunzi chofupikitsitsa tsiku limodzi m'mwezi wa June, n'kuuzana pa foni, ana a sukulu atha kupeza okha kukula kwa dziko.

Vuto la ndodo n'lakuti mapeto a chithunzithunzi sakhala akuthwa, amazimiririka. Ku China, Guo Shoujing analimbana ndi vutoli m'zaka za m'ma 1270. Ku Gaocheng anamanga nsanja yokhala ndi mtanda wopingasa pamtunda wa mamita pafupifupi 10, kasanu kuposa ndodo zimene ankagwiritsa ntchito kale, ndipo pansi anayala mwala woyezera wotalika mamita oposa 30. Anapanganso kachitsulo koboola pakati kamene kankasandutsa chithunzithunzi cha mtandawo kukhala mzere wopyapyala. Kalendala imene inatuluka m'ntchitoyi mu 1281 inati chaka chili ndi masiku 365.2425, nambala yomweyo imene kalendala ya Gregory inadzatsatira ku Ulaya mu 1582.

Thambo m'dzanja

Chida chimene chinakondedwa kwa zaka zoposa 1,000 ndi astrolabe. Ndi mbale ya mkuwa yokwana m'dzanja, yokhala ndi mphete yoikolekera pa chala kuti ilendewere chilili. Kumbuyo kuli kamtanda kozungulira kokhala ndi tizibowo tiwiri: munthu amasuzumira nyenyezi kudzera m'tizibowoto n'kuwerenga m'mphepete kuti yakwera madigiri angati. Kutsogolo kuli mapu a thambo la dera limene munthuyo ali, ndipo pamwamba pake pamazungulira chitsulo china chosemedwa ngati ukonde, chokhala ndi timinga toloza nyenyezi zowala. Akazunguza ukondewo mpaka minga ya nyenyezi imene wayeza itafika pa mzere woyenera, thambo lonse la nthawi imeneyo limakhala m'dzanja mwake. Atha kuwerenga nthawi ya usiku, nthawi imene dzuwa lituluke, ndi nyenyezi zimene zatsala pang'ono kulowa.

Nzeru yake inachokera kwa Agiriki, koma amene anaikulitsa ndi akatswiri a m'maiko a Chisilamu, amene ankaifuna podziwa nthawi za swala ndi mbali imene kuli Mecca. Astrolabe yakale kwambiri yolembedwa chaka inapangidwa ndi mmisiri wotchedwa Nastulus cha m'ma 927, ndipo ikusungidwa ku Kuwait. M'zaka zomwezo ku Aleppo kunali mmisiri wamkazi, al-Ijliya, amene ankapangira zida zimenezi wolamulira wa mzindawo, Sayf al-Dawla. Maina a nyenyezi monga Aldebaran, Altair, Rigel ndi Vega ndi a Chiarabu, ndipo ena mwa iwo anafika ku Ulaya atazokotedwa pa mkuwa wa zida zotere.

Agiriki anasiyanso chida china chodabwitsa, chimene chinavuulidwa m'ngalawa yomira pafupi ndi chilumba cha Antikythera mu 1901. Ndi bokosi la magiya a mkuwa, 30 mwa iwo alipobe, lopangidwa Yesu asanabadwe. Munthu akapukusa chogwirira, mivi inkaonetsa malo a dzuwa ndi mwezi, ndi miyezi imene kadamsana angachitike, potsatira kubwereza kwake kwa miyezi 223. Ichi sichinali choyezera thambo. Chinali chowerengetsera zimene ena anayeza kale kwa mibadwo yambiri.

Panyanja ya Indian, amalinyero amene ankafika ku Kilwa ndi ku Sofala anali ndi chida chapafupi kwambiri chotchedwa kamal: kathabwa komangidwa ku chingwe cha mfundo. Mlinyero ankaluma mfundo, n'kutambasula chingwe mpaka m'munsi mwa kathabwako mutakhudza pamene nyanja imakumana ndi thambo, m'mwamba mutakhudza nyenyezi. Mfundo iliyonse inkaimira doko lake.

Zida zonsezi zinali ndi malire amodzi. Pa mbale yotakata masentimita 15, digiri imodzi imangopitirira pang'ono milimita imodzi. Diso silingagawe pamenepo m'magawo 60.

Kukulitsa chida

Yankho linali kumanga zida zazikulu. Ulugh Beg, mdzukulu wa Timur ndi wolamulira wa Samarkand, m'zaka za m'ma 1420 anakumba ngalande m'phiri n'kuyalamo uta wa miyala, chigawo cha bwalo lalikulu moti kuchokera pakati pake kufika m'mphepete panali mamita 40. Pa uta wotere digiri imodzi imatalika masentimita 70, mineti imodzi kupitirira sentimita. Mndandanda wake wa 1437 unali ndi nyenyezi 1,018, zambiri mwa izo zoyezedwa mwatsopano m'malo mongokopera kwa Ptolemy, amene analemba wake cha m'ma 150. Kutalika kwa chaka kumene anapeza kunaphonya ndi pafupifupi mphindi imodzi yokha. Ku India, mfumu Jai Singh II inapitiriza njira yomweyo: ku Jaipur, m'zaka za m'ma 1730, inamanga wotchi ya dzuwa yotalika mamita 27, imene ikuimabe mpaka lero.

Amene anafikitsa diso la munthu pa malire ake ndi Tycho Brahe wa ku Denmark. Mu 1563, ali mnyamata, anaona mapulaneti a Jupiter ndi Saturn akukumana, ndipo anapeza kuti buku lina lolosera laphonya ndi mwezi wathunthu, lina ndi masiku angapo. Anatsimikiza mtima kuti vuto silinali pa masamu okha ayi, koma pa miyeso yoipa imene masamuwo ankadalira. Mu 1576 mfumu Frederick II inamupatsa chilumba cha Hven, ndipo kumeneko anayeza thambo kwa zaka 20. Chida chake chotchuka chinali uta wa mkuwa womatidwa kukhoma, mamita awiri kuchokera pakati. Koma kukula kwa zida sindiko kokha kunamupambanitsa. Ankayeza chinthu chimodzi ndi zida zingapo kuti aone ngati zikugwirizana. Ankawerengera kupindika kwa kuwala mumpweya nyenyezi ikakhala m'munsi. Zida zina anazitsitsira pansi pa nthaka kuti mphepo isamazigwedeze. Anachepetsa kuphonya kufika pa mineti imodzi kapena awiri, pamene akale ankaphonya ndi mamineti 10 kapena kuposa.

Phindu la khama limeneli linaoneka iye atamwalira mu 1601. Johannes Kepler, amene anamupeza ku Prague chaka chimodzi m'mbuyomo, anatenga miyeso ya pulaneti ya Mars n'kuyamba kufufuza njira yake. Kuyambira kale akatswiri onse ankakhulupirira kuti zinthu zakumwamba zimayenda m'mabwalo enieni. Atavutika zaka zingapo, Kepler anapeza bwalo logwirizana ndi miyeso yambiri, koma pamalo ena linkaphonya ndi mamineti 8, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutakata kwa mwezi. Kukanakhala kuti miyesoyo inali ya Ptolemy, kusiyana kotere kukanabisala m'kuphonya kwa chida. Koma Kepler ankadziwa kuti Tycho sangaphonye chonchi. Anataya ntchito yake yonse n'kuyambiranso, mpaka anapeza kuti Mars imayenda m'bwalo lophwatalala pang'ono, limene a masamu amalitcha ellipse, dzuwa lili chakumbali osati pakati penipeni. Anazifalitsa mu 1609, ndipo malamulo ake ndi amene Isaac Newton anadzamangirapo chiphunzitso cha mphamvu yokoka. Kusintha kwakukulu kumeneku kunabadwa m'chida chopanda galasi ndi m'mtima wa munthu wokana kubisa mamineti 8.

Galasi, ulusi ndi wotchi

Mu October 1608, Hans Lipperhey, wopanga magalasi a maso ku Middelburg m'dziko la Netherlands, anapempha boma kuti limupatse umwini wa chida choonera patali. Chaka chotsatira Galileo Galilei anapanga chake ku Italy, n'kuchiwongolera mpaka chinkakulitsa zinthu maulendo 20. Anaona mapiri pa mwezi, anaona kuti mlalang'amba ndi khamu la nyenyezi, ndipo mu January 1610 anaona miyezi inayi ikuzungulira Jupiter, umboni wakuti si zonse zimazungulira dziko lathu. Kumapeto kwa chaka chomwecho anaona kuti Venus, Nthanda yathu ija, imakula ndi kuchepa monga mwezi, zimene zinatsimikizira kuti imazungulira dzuwa.

Komabe kuona ndi kuyeza n'zosiyana. Telesikopu yoyamba inalibe polozera. Cha m'ma 1640, William Gascoigne wa ku England anaona ulusi wa kangaude umene unalowa m'telesikopu yake ukuoneka bwinobwino pamodzi ndi chinthu chimene ankayang'ana. Anazindikira kuti ulusi wopingasa ungaloze nyenyezi bwino kuposa tizibowo ta mkuwa. Si onse anavomera msanga. Johannes Hevelius wa ku Danzig anakana, nati diso lake n'lokwanira, ndipo anakangana kwambiri ndi Robert Hooke. Mu 1679 Edmond Halley anapita kukayerekeza njira ziwirizo ndipo anapeza kuti mkuluyo ankayezadi bwino ngati zida zatsopanozo. Koma diso linali litafika pothera, pamene galasi linali likungoyamba.

Chida chachitatu chinali wotchi. Thambo limatembenuka madigiri 15 pa ola, choncho wolemba nthawi imene nyenyezi yadutsa mzere wa kumpoto ndi kummwera walembanso malo ake. Wotchi ikaphonya ndi masekondi anayi, malo a nyenyezi aphonya ndi mineti yathunthu ya ngodya. Mawotchi akale ankataya pafupifupi mphindi 15 pa tsiku. Wotchi ya cholendewera imene Christiaan Huygens anapanga mu 1656 inkataya masekondi ochepa chabe. Telesikopu, ulusi ndi wotchi zitaphatikizana, miyeso inatsika kuchoka pa mamineti kufika pa masekondi.

Magalasi oyamba ankazunguliza nyenyezi ndi mitundu ya utawaleza. Ena anathawa vutoli potalikitsa telesikopu. Ya Hevelius inafika mamita 46, yolendewera pa mlongoti, ndipo kamphepo kalikonse kankaigwedeza. Newton mu 1668 anasankha kalilole wokumbika m'malo mwa galasi. William Herschel, woimba amene ankapala yekha akalilole ake mothandizana ndi mlongo wake Caroline, anapeza pulaneti ya Uranus mu 1781 ali kuseri kwa nyumba yake ku Bath. Mu 1845 Lord Rosse anamanga ku Birr m'dziko la Ireland kalilole wotakata mamita 1.8, ndipo anali woyamba kuona kuti timitambo tina ta kuthambo n'topiringizika ngati kamvuluvulu.

Thambo la kummwera

Ku Ulaya sangaone nyenyezi zambiri zimene ife timaona, choncho zida zinayenera kubwera kuno. Nicolas-Louis de Lacaille wa ku France anafika ku Cape, kunsonga ya kummwera kwa Africa, mu 1751, ndipo ndi katelesikopu kotakata kupitirira pang'ono sentimita imodzi analemba malo a nyenyezi pafupifupi 10,000. Magulu 14 a nyenyezi amene anawatcha maina alipobe pa mapu, ambiri mwa iwo ali ndi maina a zida, monga Telescopium, Horologium ndi Octans.

Mu 1820 Britain inakhazikitsa Royal Observatory ku Cape, ndipo kumeneko kunayesedwa funso lakale kwambiri: kodi nyenyezi zili kutali bwanji? Ngati dziko limazunguliradi dzuwa, nyenyezi yapafupi iyenera kuoneka ikusuntha pang'ono pakati pa January ndi July. Tycho anafunafuna kusunthako osakupeza, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zifukwa zimene anakanira kuti dziko limayenda. Thomas Henderson anayeza Alpha Centauri ku Cape mu 1832 ndi 1833, koma pokayikira chida chake anachedwa kufalitsa mpaka 1839. Friedrich Bessel wa ku Königsberg anamutsogolera mu 1838. Telesikopu yake, yopangidwa m'nyumba ya ntchito ya Joseph von Fraunhofer, inali ndi galasi lodulidwa pakati, ndipo zigawo ziwirizo zinkasunthidwa ndi sikuluwu mpaka zithunzi za nyenyezi ziwiri zitagundana. Atayeza 61 Cygni kwa chaka chathunthu anapeza ngodya ya gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, kukula kwa chitsekerero cha botolo chikaonedwa pa mtunda wa makilomita 20. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuwala kwa nyenyeziyo, anatero Bessel, kumatenga zaka pafupifupi 10 kuti kutifike.

Amene analowa m'malo mwa Henderson ndi Thomas Maclear, ndipo dzina lake lili pa nyanja yathu. Mu 1852 anathandiza David Livingstone kuzolowera bwino sextant, chida cha akalilole awiri choyezera kukwera kwa dzuwa ndi nyenyezi, ndipo pambuyo pake ankalandira miyeso ya Livingstone n'kumaiwerengetsa ku Cape. Pothokoza, Livingstone anatcha ndomo ya ku Chembe dzina lakuti Cape Maclear. Anthu a kumeneko ankaidziwa nyanja yawo kalekale. Chimene sextant inachita n'kuika malowo pa mapu a ku Ulaya, ndipo amishoni ndi atsamunda anadzatsata mapu omwewo. Chida choyezera nyenyezi chinali ndi mbali yake m'mbiri ya dziko lino.

Kuwala kukhala mboni

Mpaka apa zida zinkayankha funso lakuti nyenyezi ili pati. Mu 1835 wanzeru wa ku France, Auguste Comte, ananena kuti anthu sadzadziwa konse zimene nyenyezi zinapangidwa nazo. Koma yankho linali litayamba kale kuoneka. Mu 1814 Fraunhofer anadutsitsa kuwala kwa dzuwa m'galasi la ngodya zitatu, ndipo m'utawaleza umene unatuluka anawerenga mizere yakuda yoposa 500. Mu 1859 Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen ku Heidelberg anaonetsa kuti chinthu chilichonse, kaya chitsulo kaya mpweya, chili ndi mizere yakeyake. Mzere wina wachikasu umene unaoneka pa dzuwa mu 1868 sunafanane ndi chilichonse chodziwika. Chinthucho anachitcha helium, ndipo chinadzapezeka pansi pano mu 1895.

Kenaka kamera inalowa m'malo mwa diso. Diso likayang'ana nthawi yaitali siliona zambiri, koma galasi lojambulira limasonkhanitsa kuwala kwa maola. Mu 1882 David Gill ku Cape anamangirira kamera wamba pa telesikopu kuti ajambule nyenyezi ya mchira, ndipo anadabwa ndi kuchuluka kwa nyenyezi zimene zinatuluka kumbuyo kwake. Zithunzi zimene anajambula pambuyo pake, zoyezedwa ndi Jacobus Kapteyn ku Netherlands, zinapereka mndandanda wa nyenyezi zoposa 450,000. Ku Johannesburg mu 1915, Robert Innes anayerekeza zithunzi za zaka zosiyana n'kupeza Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa. Ku Harvard, Henrietta Leavitt anapeza mu 1912 kuti nyenyezi za mtundu wina zimene zimawala ndi kuzirala mobwereza zimaulula mphamvu yawo yeniyeni mwa kutalika kwa nthawi ya kubwerezako. Ndi lamulo lakelo, Edwin Hubble anagwiritsa ntchito kalilole wa mamita 2.5 wa ku Mount Wilson mu 1923 n'kuonetsa kuti Andromeda ndi mlalang'amba wina, kunja kwa wathu.

Chimene chimatsala

Zambiri mwa zida zimenezi zinawonongeka. Ulugh Beg anaphedwa mu 1449, nyumba yake inagumuka, ndipo uta wake unadzafukulidwa mu 1908. Nyumba ya Tycho pa Hven inaphwasulidwa iye atachoka. Ya Hevelius inapsa mu 1679. Koma nambala zawo zinapulumuka, ndipo muyeso wa thambo umakwera mtengo ukamakalamba. Mgiriki wina, Hipparchus, anazindikira kuti thambo lonse limasendera pang'onopang'ono poyerekeza miyeso yake ndi ya Timocharis, amene anakhalako zaka 150 m'mbuyo mwake. Halley mu 1718 anaona kuti Sirius ndi Arcturus zinachoka pamene Agiriki anazilemba, umboni woyamba wakuti nyenyezi nazonso zimayenda. Makadamsana olembedwa pa mapale a dongo ku Babulo akuthandiza lero kuyeza mmene tsiku likutalikira, pafupifupi magawo awiri mwa magawo 1,000 a sekondi pa zaka 100 zilizonse. Magalasi a zithunzi oposa 400,000 a ku Harvard anajambulidwanso n'kulowetsedwa m'kompyuta, chifukwa palibe telesikopu ya lero imene ingaone thambo la 1890.

Zina mwa zida zazikulu za masiku ano zili pafupi nafe. Ku Sutherland m'dziko la South Africa kuli telesikopu ya SALT, yotsegulidwa mu 2005, ya kalilole wa mamita pafupifupi 11, ndipo m'chipululu cha Karoo muli MeerKAT, mbale 64 zomvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo. Nazonso zidzakalamba. Wachinyamata wa kuno amene akufuna kudzagwira ntchito pa zida zimenezi asadikire kuti ayambe wagwira telesikopu. Luso limene linapambanitsa Guo Shoujing, Tycho ndi Bessel limaphunzirika ndi ndodo, chingwe ndi kope: kuyeza mobwerezabwereza, kulemba tsiku, nthawi ndi malo, kudziwa kuti chida chako chimaphonya ndi zingati, ndi kusasintha nambala kuti igwirizane ndi zimene unkayembekezera.